DZINA LA ONESIMOS: CIYAMBI CAKE, TANTHAUZO LAKE NDI FUNSO LA MWINI PHINDU

1.0 Mau Oyamba

Mabuku ofotokoza maina a m'Baibulo, pamodzi ndi timau ta m'munsi topezeka m'mabaibulo ena, akafika pa dzina la Onesimos amalemba mau amodzi kapena awiri cabe: wothandiza, waphindu. Akatero amapitirira ku dzina lotsatira. Tanthauzo limeneli ndi loona, ndipo palibe wodziwa Cigiriki amene angalitsutse. Komabe ife tikuona kuti kafotokozedwe kotere kamasiya mbali yaikulu ya nkhani. Munthu sakhala waphindu m'malere. Amakhala waphindu kwa wina wake. Tsono dzina lotanthauza waphindu liri ngati ciganizo cimene wocinena wacisiyira panjira, ndipo womva ayenera kufunsa kuti: waphindu kwa yani?

M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mbiri ya dzinali yagona pa funso limenelo. Tiyamba ndi kuunika tsinde lake m'Cigiriki, kenaka tione anthu amene anali kupatsidwa dzinali m'nthawi zamakedzana. Pambuyo pake tisanthula m'mene mtumwi Paulo anagwiritsira nchito tanthauzo lake m'kalata yopita kwa Filemoni, ndi m'mene kalatayo inacititsira kuti dzinali lipatsidwe kwa Aafrika awiri amene anagwidwa ukapolo. Potsiriza tinena zimene omasulira mabuku ndi aphunzitsi a zilankhulo angatolepo. Tidzalemba dzinali potsata Cigiriki, Onesimos. Aroma anali kulilemba Onesimus, ndipo owerenga Baibulo la Cinyanja amalidziwa ngati Onesimo.

2.0 Tsinde la Dzinali m'Cigiriki

Dzinali linacokera ku mneni oninemi, amene tanthauzo lake ndi kupindulitsa, kuthandiza kapena kukondweretsa. Mneniyu anabala dzina lakuti onesis, ndilo phindu kapena thandizo. Pa tsinde la onesis panaphatikidwa -imos, mphatikiri wa kumapeto amene Agiriki anali kupangira afotokozi osonyeza kuti cinthu ncoyenera kapena ncokhoza kucita kanthu kena. Mwa njira yomweyi mau akuti chresis, ndiko kugwiritsa nchito, anabala chresimos, cinthu cothandiza pa nchito, ndipo trophe, cakudya, anabala Trophimos, dzina la mnzake wa Paulo wa ku Efeso. Motero onesimos ndi cinthu cokhoza kubweretsa phindu. Mauwa anali mfotokozi wamba, ndipo Sophocles, mlembi wa masewero wa ku Athens, anawagwiritsa nchito m'sewero la Ajax ponena za mphatso. Tisaiwale mfundo imeneyi: mau amene anasanduka dzina la munthu anali oyenerera bwino kufotokoza katundu.

Kalankhulidwe ka Cigiriki kanali kosiyana malinga ndi cigawo. Anthu a ku Athens ndi a ku Ionia anasintha liwu lalitali la a kukhala e, pamene olankhula Cidoriki ndi ena analisunga. Ndico cifukwa cake pa miyala yozokotedwa ya m'zigawo zina timapezapo Onasimos m'malo mwa Onesimos. Lembo limodzi limeneli limathandiza ofufuza kudziwa kumene mwini dzina kapena womulemba anacokera.

Muzu wa mauwa ndi wakale kuposa ndakatulo za Homer. M'caka ca 1952 Michael Ventris anatulukira kawerengedwe ka zilembo zochedwa Linear B, nasonyeza kuti cilankhulo cake ndi Cigiriki cakale. Pa mapale a dongo opezeka ku Pylos, olembedwa ca m'ma 1200 B.C., pali mau akuti o-na-to, otanthauza munda umene munthu analoledwa kulima ndi kudyerera ngakhale kuti sunali wake, ndiponso o-na-te-re, anthu olima minda yotereyi. Kotero umboni woyamba wa muzu umenewu ukupezeka m'kaundula wa minda, m'mene alembi a mfumu anali kusonyeza amene akudyerera ndi amene ali mwini.

Izi sizitanthauza kuti muzuwu unali wonyozeka. Maina ambiri a mfulu za Cigiriki anali opangidwa ndi matsinde awiri, ndipo onesis akupezeka mwa ambiri otere. Onesikritos anali woyendetsa ngalawa ya Alexander Wamkulu pa mtsinje wa Indus, ndipo pambuyo pake analemba mbiri ya mfumuyo. Onesiphoros, ndiye wodza ndi phindu, akuchulidwa m'kalata yaciwiri yopita kwa Timoteo. Onesilos, wa banja lacifumu la ku Salamis pa cisumbu ca Cyprus, anatsogolera anthu kuukira Aperisiya ca m'ma 498 B.C., monga akusimbira Herodotus. Onsewa anali anthu a ulemu wao. Kusiyana kunabwera pa kagwiritsidwe nchito ka mfotokozi wosaphatikizidwa ndi tsinde lina, Onesimos.

3.0 Dzinali Pakati pa Akapolo

Agiriki ndi Aroma anali kuona kusintha dzina la kapolo ngati ufulu wa mwini wake. M'buku la Plato lochedwa Cratylus, m'mene akukambirana ngati maina ali ndi kulondola kwacibadwa, Hermogenes akupereka citsanzo ca akapolo, amene ambuye ao amawasintha maina ndipo dzina latsopano limagwira nchito ngati lakale lomwe. Varro, katswiri wa galamala ya Cilatini amene anamwalira mu 27 B.C., akufotokoza za anthu atatu ogula akapolo ku Efeso: woyamba anacha kapolo wake potsata dzina la womugulitsa, waciwiri potsata cigawo, wacitatu potsata mzinda. Olemba awiriwa sanali kudandaula za mcitidwewu. Anali kuuchula ngati cinthu codziwika cimene cingawathandize kufotokoza mfundo ya cilankhulo.

Pakati pa maina amene ambuye anali kusankha panali gulu lonena zimene mbuye akuyembekezera kwa munthu amene wamugula: Chresimos ndi Chrestos, wothandiza, Karpos, cipatso, Eutychos ndi Felix, wamwai. Onesimos ali m'gulu limeneli. Heikki Solin, amene mu 1982 anafalitsa kaundula wa maina a Cigiriki opezeka mu mzinda wa Roma, ndipo mu 1996 kaundula wa maina a akapolo a mumzindawo, anasonyeza kuti Onesimus linali limodzi mwa maina ofala kwambiri pakati pa akapolo ndi akapolo omasulidwa. Apa pali phunziro kwa ife. Dzina limene lero timaliyesa losowa linali lofala kotero kuti munthu wa ku Roma akalimva anali kuyamba waganiza za kapolo, tanthauzo la mauwo nkubwera pambuyo.

Tiyenera kucenjera pano kuti tisapyole malire a umboni. Si Onesimos aliyense amene anali kapolo. Buku lalikulu la Lexicon of Greek Personal Names, limene gawo lake loyamba linatuluka ku Oxford mu 1987, limasonyeza dzinali m'zigawo zambiri, pakati pa mfulu zomwe. Kholo likhoza kucha mwana wake Onesimos ndi mtima womwewo umene ife timachera ana athu Thandizo kapena Madalitso. Mau ndi amodzimodzi, koma pamene kholo likunena ciyembekezo ca banja limene mwanayo ali mbali yake, wogula akunena zimene ndalama zake ziyenera kubweza. Buku limene limapereka tanthauzo lokha silingathe kusiyanitsa anthu awiriwa.

Mmodzi mwa anthu oyambirira odziwika ndi dzinali ndi mmisiri wojambula pa zikho zadothi ku Athens, amene anagwira nchito kuyambira ca m'ma 500 mpaka 480 B.C. Zikho zambiri zimene anajambula zinaumbidwa ndi Euphronios, ndipo dzina lake likuoneka pa cikho cimene ciri ku Louvre mu mzinda wa Paris. Akatswiri ena amaganiza kuti anali kapolo kapena mlendo, ndipo cimodzi mwa zifukwa zao ndi dzina lomweli. Ganizo lotere likusonyeza mphamvu ya dzina pa maganizo a ofufuza: kwa munthu amene sanasiye mbiri yolembedwa, dzina lasanduka mboni pa mlandu wa cibadwidwe cake.

4.0 Onesimos m'Kalata Yopita kwa Filemoni

Cimene cinapulumutsa dzinali kuti lisaiwalike ndi kalata yaifupi kwambiri mwa makalata a Paulo, ya ndime 25 ndi mau pafupifupi 335 m'Cigiriki. Paulo anailemba ali m'ndende, mwina ku Efeso capakati pa zaka za m'ma 50 A.D., kapena ku Roma pakati pa 60 ndi 62. Akulembera Filemoni, Mkristu amene mpingo unali kusonkhana m'nyumba mwake, kumupempha kuti alandire bwino Onesimos amene akumubweza kwa iye. Kalata yopita kwa Akolose ikumuchulanso Onesimos ngati mmodzi wa anthu a kumeneko.

Pali malo atatu pamene Paulo akuonetsa luso pa dzinali. Poyamba, akulibisa. Ndime zisanu ndi zinai zoyambirira zikupita osalichula, ndipo m'ndime 10 ya Cigiriki likubwera kumapeto kweni-kweni kwa mau, Paulo atayamba wamucha munthuyo mwana wake wobadwira m'ndende. Filemoni akumva za ubale watsopano asanamve dzina limene likanamukumbutsa za ubale wakale. Kaciwiri, m'ndime 11 akuika pamodzi afotokozi awiri, achrestos ndi euchrestos, wopanda pake ndi wothandiza kwambiri. Mau awiriwa ali ndi tsinde limodzi, chrestos, limene ndi losiyana ndi tsinde la Onesimos. Tsono kulumikizana kwao ndi dzinali kuli pa tanthauzo, osati pa kamvekedwe. Kacitatu, m'ndime 20 Paulo akugwiritsa nchito onaimen, mau ocokera ku mneni oninemi weni-weniyo, ndipo mneniyu sapezekanso kwina kulikonse m'Cipangano Catsopano. Apa wopemphedwa kuti apindulitse mnzake ndi Filemoni.

Olalikira ndi olemba ndemanga ambiri amaimira pa ndime 11, nkuitama ngati nthabwala yacikondi: amene dzina lake linali waphindu koma anali wopanda pake, tsopano wakwaniritsa dzina lake. Ife tikuona kuti kuwerenga kumeneku kumalumpha vuto. Nthabwalayi ikucitika pakati pa mfulu ziwiri, ndipo ikunena za munthu wacitatu amene m'kalata yonse sakulankhulamo ngakhale liwu limodzi. Kunena kapolo kuti ndi wopanda pake kunali citonzo cozolowereka m'kamwa mwa ambuye. Ndime 11 ikusintha ciweruzo, kucoka pa coipa kufika pa cabwino, koma muyeso ikuusiya monga unalili: munthu akuyesedwabe ndi phindu limene akubweretsa kwa ena. M'ndime 13 Paulo yemwe akuvomera kuti akanakonda kumusunga kuti azimutumikira.

Kutembenuka kwa nkhani kuli m'ndime 16 ndi 20. M'ndime 16 Paulo akufuna kuti Onesimos alandiridwe monga m'bale wokondedwa, woposa kapolo, ndipo ubale ndi muyeso wina umene suwerengera phindu. M'ndime 20 akutenga tsinde la dzina la kapolo nkulisenzetsa mbuye, ngati kumuuza kuti tsopano iyeyo ndiye akhale onesimos. Mwa malo atatu aja, awa ndiwo akuthwa kwambiri, ndipo ndiwo amene amatayika kotheratu m'mabaibulo omasuliridwa. Ngakhale ziri conco, Paulo sakulamula poyera kuti kapoloyo amasulidwe. M'ndime 21 akungonena kuti akhulupirira kuti Filemoni adzacita zoposa zimene wapemphedwa. Kalatayi ikukokera mbali ziwiri, ndipo mbiri ya kawerengedwe kake yatsata mbali zonse ziwiri.

Kuyambira nthawi ya John Chrysostom, amene anamwalira mu 407, ambiri akhala akuwerenga kalatayi ngati nkhani ya kapolo amene anaba ndi kuthawa. Koma m'kalatamo mulibe mau otanthauza kuthawa. Ndime 15 ikunena za kulekanitsidwa kwa kanthawi, ndipo ndime 18 ikuchula za ngongole mongoyerekeza. Mu 1985 Peter Lampe anakumbutsa kuti akatswiri a malamulo a Ciroma anali kusiyanitsa kapolo wothawa ndi kapolo amene wapita kwa bwenzi la mbuye wake kukapempha kuti amupepesere, ndipo kalata ya Pliny Wamng'ono yopita kwa Sabinianus ikusonyeza kupepeserana kotereku pa nkhani ya kapolo womasulidwa. Mu 1993 Allen Callahan anafika potsutsa zoti Onesimos anali kapolo nkomwe, ngakhale kuti ambiri sanamutsate. Mkanganowu si wa m'kalasi mokha ai. Ku America, m'nyengo ya lamulo la 1850 lokakamiza kubweza akapolo othawa, oikira kumbuyo ukapolo anali kuchula kalatayi ngati umboni wakuti mtumwi anabweza kapolo kwa mbuye wake, pamene otsutsa ukapolo anali kuloza ndime 16.

Ca m'ma 110 A.D., Ignatius wa ku Antioch polembera mpingo wa ku Efeso anachula bishopu wao, dzina lake Onesimos, ndipo nayenso anagwiritsa nchito mau aja akuti onaimen. Mu 1935 John Knox, katswiri wa ku America, ananena kuti bishopuyu ndi munthu yemwe uja wa m'kalata ya Paulo. Ganizoli ndi lokoma kumva, pakuti limapatsa nkhani mathero abwino, koma zimene taona m'gawo lacitatu zikulifooketsa. Dzina likakhala lofala, kufanana kwa maina kumakhala umboni wopepuka.

5.0 Kufalikira kwa Dzinali

Mpingo utayamba kulemekeza Onesimos ngati woyera, dzinali linalowa m'gulu la maina a ubatizo, ndipo makolo anali kulisankha cifukwa ca woyerayo osaganizanso za tanthauzo. Mipingo ya Orthodox imamukumbukira pa 15 February. Ku Russia dzinali linakhala Onisim ndi Anisim, ndipo linabala dzina la banja lakuti Anisimov. Ku France linakhala Onésime. Onésime Reclus, katswiri wa za maiko amene anakhala ndi moyo kuyambira 1837 mpaka 1916, ndiye anayambitsa mau akuti francophonie mu 1880. M'Cisipanishi ndi m'Cipwitikizi linakhala Onésimo, monga dzina la Onésimo Silveira, mlakatuli ndi wandale wa ku Cape Verde amene anamwalira mu 2021. Masiku ano dzinali silimveka kawiri-kawiri ku Ulaya, ku Greece komwe. Limamvekako bwino kum'mawa kwa Afrika, kumene linafika ndi Baibulo: ku Kenya amati Onesmus, ku Tanzania Onesmo.

6.0 Aafrika Awiri Ochedwa Onesimos

Panali nthawi zina pamene wopereka dzinali anali kulisankha akudziwa bwino nkhani ya Filemoni, ndipo wolandira anali kapolo weni-weni. Zitsanzo ziwiri zotsatirazi zikusonyeza mbali ziwiri zija za kalatayi.

Mu December 1706 anthu a mumpingo wa m'busa Cotton Mather ku Boston anamugulira kapolo wocokera ku Afrika ngati mphatso, ndipo Mather anamucha Onesimus. Dzina limene anamucha makolo ake silinalembedwe. Munthuyu anauza Mather kuti kwao anamutemera mafinya pang'ono a nthomba pa mkono, nadwala mopepuka, ndipo kuyambira pamenepo anali wotetezedwa ku nthendayo. Mather analembera bungwe la Royal Society ku London za nkhaniyi mu 1716. Nthomba itabuka ku Boston mu 1721, anakopa sing'anga Zabdiel Boylston kuti ayese njirayi. Mwa anthu pafupifupi 6,000 amene anadwala, 844 anamwalira, pamene mwa anthu oposa 240 amene Boylston anawatemera anamwalira 6. Izi zinacitika zaka 75 Edward Jenner asanayese katemera wake mu 1796. Ena mwa otsutsa, monga sing'anga William Douglass, ananyoza njirayi ponena kuti umboni wa Aafrika ndi wosadalirika.

Olemba ambiri akafika apa amakondwa kunena kuti munthuyu anakwaniritsa tanthauzo la dzina lake. Ife tikuti funso lija libwerezedwe: phindu linapita kwa yani? Mzinda unapulumutsa miyoyo, Mather ndi Boylston anachuka. Mwini nzeru uja anali atacoka kale m'nyumba ya Mather mu 1716, atapereka ndalama zothandizira kugula kapolo wina wolowa m'malo mwake, ndipo anakakamizidwabe kumabwera kudzagwira nchito zina za pakhomo akamufuna. Zolemba za Mather zikusonyezanso kukhumudwa kwake poona kuti Onesimus sanatembenuke mtima monga iye anafunira. Dzina linali ndi nkhani yokonzeratu, ya kapolo wotembenuka ndi womvera, koma mwini dzina sanalowe m'nkhaniyo.

Citsanzo caciwiri ndi ca ku Ethiopia. Ca m'ma 1856, m'cigawo ca Illubabor, munabadwa mwana wa mtundu wa Oromo amene anachedwa Hika. Anagwidwa ali wamng'ono, ogulitsa akapolo namucha Nesib, ndipo anagulitsidwa kangapo mpaka pamene Werner Munzinger anamuombola ku Massawa nampereka kwa amishoni a ku Sweden. Pa ubatizo wake mu 1872 analandira dzina la Onesimos. Anaphunzira ku Johannelund m'dziko la Sweden kuyambira 1876 mpaka 1881. Mothandizana ndi Aster Ganno, mai amene nayenso anaomboledwa ku ukapolo, anamasulira Baibulo m'cilankhulo ca Oromo. Cipangano Catsopano cinatuluka mu 1893, ndipo Baibulo lonse linasindikizidwa ku St. Chrischona m'dziko la Switzerland mu 1899. Mu 1904 anabwerera pakati pa anthu a mtundu wake ku Wallaga, kumene anaphunzitsa mpaka imfa yake mu 1931.

Munthuyu anali ndi maina atatu ocokera kwa eni atatu: la makolo, la ogulitsa ndi la amishoni. La makolo lija limagwirizana ndi mneni wa Cioromo wotanthauza kumasula comangidwa ndiponso kumasulira mau, monga momwe kumasula ndi kumasulira alili a muzu umodzi m'Cinyanja. Kusiyana kwake ndi mnzake wa ku Boston ndi kwakuti phindu la nchito yake linabwerera kwa anthu a cilankhulo cake, ndiponso dzina lake loyamba silinatayike. Apa yankho la funso lathu likusintha, ndipo likusintha cifukwa munthuyo anali mfulu pogwira nchitoyo.

7.0 Phunziro kwa Omasulira ndi Aphunzitsi

Womasulira kalata ya Filemoni m'Cinyanja ali ndi njira zitatu. Akhoza kungosintha kalembedwe ka dzina kuti ligwirizane ndi lilime lathu, Onesimo, monga linacitira Buku Lopatulika la 1922. Akatero dzina limakhala phokoso lopanda tanthauzo, ndipo wowerenga sangaone cingwe comanga ndime 10, 11 ndi 20. Akhoza kumasulira dzinalo, namucha munthuyo Phindu kapena Thandizo. Akatero luso la Paulo lingamveke, koma munthuyo angalekanitsidwe ndi mbiri yonse imene tafotokoza, ndiponso Thandizo kwa ife ndi dzina lacikondi la makolo, lopanda fungo la msika wa akapolo. Njira yacitatu, imene ife tikuivomereza, ndi kusunga dzina ndi kuika mau a m'munsi. Koma mauwo anene zinthu zitatu: tanthauzo, kufala kwa dzinali pakati pa akapolo, ndi kubwereranso kwa tsinde lake m'ndime 20.

Aphunzitsi a Cinyanja ali ndi poyambira pabwino, cifukwa ophunzira ao amadziwa kale kuti dzina limanena za wolipereka. Mlendo amene angalembe m'buku lake kuti Mabvuto ndi dzina lotanthauza mavuto, nkulekera pomwepo, wanena zoona koma sanafotokoze kanthu. Mcewa aliyense amadziwa kuti dzinali likusimba za zimene banja linali kudutsamo pamene mwana anabadwa, ndipo silikunena za khalidwe la mwanayo. Ophunzira amadziwanso kuti munthu wamkulu saitanidwa ndi dzina la paubwana. Timamuitana ndi ciwongo cake kapena ndi dzina la mwana wake. Kapolo wa Cigiriki ndi wa Ciroma analibe ulemu umenewu. Anali kuitanidwa ndi dzina limodzi lopatsidwa ndi mbuye, kapena kungoti pais m'Cigiriki ndi puer m'Cilatini, ndiye kuti mnyamata, ngakhale atamera imvi. Mau akuti boyi, amene anatsalira m'cilankhulo cathu kucokera m'nthawi ya atsamunda, anali kugwira nchito yomweyo.

Motero tikupempha kuti pophunzitsa dzina lirilonse, la kwathu kapena lacilendo, mphunzitsi afunse mafunso atatu m'malo mwa limodzi. Kodi tsinde lake ndi liti? Kodi anali kulipereka ndani? Nanga anali kulilandira ndani? Funso loyamba limayankhidwa ndi galamala, awiri enawo amayankhidwa ndi mbiri. Akulu anati safunsa anadya phula.

8.0 Mau Omaliza

Taona kuti Onesimos ndi dzina locokera ku muzu wakale wonena za phindu, umene ukupezeka kale m'kaundula wa minda wa ku Pylos. Taonanso kuti linali lofala pakati pa akapolo a ku Roma, kuti Paulo analigwiritsa nchito mwa njira imene ikutsata muyeso wa mbuye m'ndime ina ndi kuutembenuza m'ndime ina, ndi kuti kudzera m'kalata yake linafika kwa Aafrika awiri amene mapeto ao anali osiyana. Pa zaka zoposa 2,500 tanthauzo la mauwo silinasinthe. Cimene cakhala cikusintha ndi munthu amene akuyembekezera phindulo: wogula, kholo, mtumwi, m'busa, kapena mtundu wa mwini dzina. Buku la maina limene silichula munthu ameneyu likhala litapereka theka la tanthauzo, ndipo theka losiyidwalo ndi limene likukhudza moyo wa amene anasenza dzinalo.